Ntchito zachifundo za mipingo m'makomboni a Lusaka

Ntchito zachifundo za mipingo m'makomboni a Lusaka ndi thandizo la chakudya, mankhwala, sukulu ndi pogona limene Akhristu amapereka kwa osauka ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere, George ndi madera ena otero. Mipingo imaliwerengera thandizoli ngati mbali ya kufalitsa uthenga wabwino. Makomboni ambiri anakula mofulumira dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, anthu atakhamukira mumzinda kudzafuna ntchito, ndipo achibale amene akanawagwira dzanja pa matenda ndi pa maliro anatsala kumudzi. Mpingo ndiwo unalowa m'malo mwa abalewo.

Gawo lalikulu la ntchitoyi silidziwika kutali, chifukwa oligwira ndi osauka omwewo, makamaka amayi. Kwa Akatolika imayenda kudzera m'miphakati, imene maepiskopi a chigawo cha AMECEA anailimbikitsa kuyambira 1973, komanso m'bungwe la Vincent de Paul lomwe linayambira ku Paris mu 1833. Ku Seventh-day Adventist kuli amayi a Dorika. Onsewa amasonkha ufa, makala ndi sopo, amakazonda odwala, amagona pamaliro, ndipo pemphero ndi nyimbo sizisowa pa ulendo uliwonse.

Nthawi yowawa kwambiri inali zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatha anthu mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa osauka. Arkidayosizi ya Lusaka inaphunzitsa anthu odzipereka kusamalira odwala kunyumba: kuwasambitsa, kuwatembenuza pamphasa, kuwaphikira phala, nthawi zina achibale atawathawa. Odzipereka amenewa akuyenera kukumbukiridwa kuposa mmene amakumbukiridwira. Ku Mtendere masisitere a Missionaries of Charity, chipani chimene Mayi Teresa anayambitsa ku Calcutta mu 1950, amasunga odwala ndi ana osowa owalera. Ku Kalingalinga kuli Our Lady's Hospice, ndipo ku Chawama nyumba ya Divine Providence imalandira okalamba.

Nkhaniyi ili ndi mtsutso wake. Munthu wanjala savuta kumukopa, ndipo thumba la ufa likhoza kusanduka nyambo ngati wolandira ayenera kuyamba walowa mpingo. Papa Benedict XVI, m'kalata yake Deus Caritas Est ya 2005, analetsa kugwiritsa ntchito chifundo pokokera anthu ku chipembedzo, ngakhale anavomereza kuti chikondi chenicheni chimachitira umboni Mulungu pachokha. M'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo matchalitchi m'komboni amapikisana pafupifupi pa msewu uliwonse, chenjezo limeneli n'lofunika.

Ena mumpingo amafunsanso chimene chimasaukitsa anthu. Bungwe la Ajezwiti la JCTR, lokhazikitsidwa mu 1988, limalengeza mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la ku Lusaka limafunika kukhala nazo kuti lipeze chakudya ndi zofunika zina, ndipo mabungwe a anthu apantchito amatenga ziwerengerozo pokambirana za malipiro.