Kuseketsa ndi Maso: Luso la Mauritz Stiller

Ife a pa wailesi timakupatsirani mawu opanda chithunzi. Lero tikambe za munthu amene anali ndi chithunzi chopanda mawu, koma naseketsa nacho anthu.

M'chaka cha 1920, kampani ya Svensk Filmindustri ya ku Sweden inatulutsa filimu yotchedwa Erotikon. Amene anaitsogolera ndi Mauritz Stiller, wobadwira ku Helsinki m'chaka cha 1883. Masiku amenewo mafilimu anali asanayambe kulankhula, ndipo oseketsa ambiri ankadalira kuthamangitsana ndi kugwa chagada. Stiller anafuna kuti munthu aseke chifukwa cha zimene wazindikira yekha.

Nkhani yake ndi ya Pulofesa Charpentier, katswiri wa tizilombo, ndi mkazi wake Irene. Pulofesayo amaphunzitsa mwakhama za tizilombo tokwatira mitala, osadziwa kuti m'nyumba mwake momwemo mtima wa mkazi uli kwina. Amuna awiri akumufuna Irene: wina woyendetsa ndege, wina wosema ziboliboli. Stiller sanena kuti pulofesayo ndi wogona; angotionetsa phunzirolo, natisonyezanso mayendedwe a mkaziyo, kuti ife tilumikize tokha.

Luso limeneli laonekera kwambiri pamene anthuwa apita kukaonera gule m'nyumba yaikulu ya zisudzo mu Stockholm. Guleyo akusimba za mkazi wa mfumu amene anakonda mwamuna wina, ndipo mathero ake ndi imfa. Kamera ya Henrik Jaenzon imachoka pa ovina n'kupita pa nkhope za oonerera, n'kubwereranso. Kuyang'ana cham'mbali kokha kwa Tora Teje, amene anasewera ngati Irene, kukuulula zimene mawu olembedwa pa chinsalu sakanatha kunena. Ngakhale zovala zake zamtengo wapatali, zipinda zazikulu, ndi mzinda wojambulidwa kuchokera m'ndege, zonse zikutiuza kuti awa ndi anthu osasowa kanthu, amene chikondi achiyesa masewera.

Koma m'filimumo simufa munthu. Banja litha mwamtendere, Irene napita ndi wosema uja. Kuseka nkhani yotere m'chaka cha 1920 kunali kulimba mtima.

Stiller anapita ku Hollywood m'chaka cha 1925 pamodzi ndi Greta Garbo, koma zinthu sizinamuyendere bwino. Anabwerera, namwalira ku Stockholm m'chaka cha 1928. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Stiller anakhulupirira kuti oonerera ali nako kudekha kumeneko.