Kufuula si kumveka: mbiri ya kukwera kwa mawu a nyimbo

Ku Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, nyimbo zambiri zimayenda pa memori khadi ndi pa WhatsApp. Khadi imodzi imanyamula nyimbo zochokera m'masitudiyo osiyanasiyana. Ina ikamalira mwini sipika amakweza, yotsatira ikangoyamba amathamangira kutsitsa. Wachinyamata amene wangoyamba kukonza nyimbo pa laputopu amatolapo phunziro loti nyimbo yabwino ndi imene yaposa zinzake kufuula. Ine ndikuti mbiri ya kujambula nyimbo ikutsutsa maganizo amenewa.

Ntchito yomaliza pa nyimbo, imene akatswiri amaitcha mastering, inayamba ngati yoteteza nyimbo ku malire a chida choisungira. Pa mbale za galamafoni mawu ankasungidwa m'kanjira kokumbidwa mozungulira. Mawu akakwera kwambiri, makamaka besi, kanjirako kankatenga malo ambiri ndipo singano inkadumpha. Hugh Tracey, amene anajambula oimba a ku Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaisendeza kwa woimba kapena kwa ng'oma malinga ndi amene akufunika kumveka. Kulinganiza mawu kunali m'khutu ndi m'dzanja la munthu.

Wailesi ya MBC itayamba mu 1964, magulu ambiri a m'dziko muno ankajambulitsa nyimbo zawo pa tepi m'situdiyo zake ku Blantyre. Tepi nayo inali ndi malire ake: mawu akatsika kwambiri kunkamveka kaphokoso ka "sss", akakwera mopitirira ankasweka. M'zaka za m'ma 1990, pamene situdiyo ya Imbirani Yahweh ya Paul Banda ku Balaka inkatulutsa oimba ambiri ndipo makaseti ankagulitsidwa kwa O.G. Issa ku Limbe, mmisiri ankayenda pakati pa maenje awiriwo. Kaseti ikakopedwa kuchokera pa inzake, kaphokoso kaja kankawonjezereka.

Zinthu zinasintha ndi CD, imene inatuluka mu 1982. Kaphokoso kanatha, koma panabwera denga louma la 0 dB limene mawu sangalidutse. Amisiri a ku America ndi ku Ulaya anapeza njira yozembera dengalo: ndi chida chotchedwa limiter ankaphwanya nsonga za mawu kenako n'kukweza nyimbo yonse. Kampani iliyonse inkafuna kuti nyimbo yake ipose ya mnzake pa wailesi. Mpikisanowu unafika poipa mu 2008, gulu la Metallica litatulutsa chimbale cha Death Magnetic. Okonda gululi anadandaula kuti mawu ake ndi osweka, ndipo ambiri anakonda nyimbo zomwezo monga zinkamvekera m'masewera a Guitar Hero, momwe zinali zosapanikizidwa chomwecho.

Yankho linachokera kwa oyeza mawu. Mu 2006 bungwe la ITU linakhazikitsa njira yoyezera kukwera kwa mawu motsata mmene khutu limamvera, osati kungoona nsonga. Mu 2010 bungwe la mawailesi a ku Ulaya la EBU linasankha muyezo wa -23 LUFS. Spotify nayo imalinganiza nyimbo pa -14 LUFS. Tanthauzo lake n'lakuti ukapanikiza nyimbo kuti ifuule, makina amaitsitsa kuti ifanane ndi zinzake. Kufuula kuja kumatha, koma kuphwanyika kumatsala.

Wina anganene kuti za Spotify sizikukhudza Chambe, ndipo akunena zoona pang'ono. Memori khadi silinganiza kanthu, choncho nyimbo yotsika kwambiri imamira m'phokoso la msika. Komabe taganizirani ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014. Mphamvu yake ili pa kusiyana kwa kugunda kolimba ndi kofewa. Mukapanikiza zonse kuti zifanane, ng'oma imamveka ngati mukumenya katoni, ndipo kasipika kotsika mtengo kamangoti khererere. Womvera amatopa msanga ngakhale sangathe kufotokoza chifukwa chake.

Choncho woyamba kumene asathamangire kufuula, ayambe ndi kuyeza. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo imatha kulinganiza nyimbo mu LUFS. Youlean Loudness Meter nayo ili ndi mtundu waulere. Yezani nyimbo zonse za chimbale chimodzi kuti zisatalikirane, ndipo nsonga za mawu zisapitirire -1 dB, chifukwa nyimbo ikasandutsidwa MP3 nsongazo zimatha kukwera. Poyerekeza nyimbo yanu ndi ya woimba wotchuka, yambani mwazifananitsa kukwera kwake, popeza khutu limanamiza: chokwera chimamveka ngati chokoma. Pomaliza imvereni pa foni ndi pa kasipika kakang'ono, poti ndipo pamene anthu ambiri adzaimvere.

Amisiri a mbale ndi a kaseti ankaletsedwa ndi singano ndi tepi. Ife a pa laputopu palibe chida chotiletsa, ndiye mwambowo tiyenera kudziikira tokha. Batani la voliyumu lili m'manja mwa womvera ndipo angakweze nyimbo mmene akufunira, koma ng'oma imene mmisiri anaiphwanya palibe angaibwezeretse.