Penisilini wa mumtsempha ndi wa pathako: m'mene anasiyanirana

Mayi woyembekezera wa ku Makeni akayamba sikelo, amamuyeza magazi kuti aone ngati ali ndi chindoko. Chikapezeka, namwino amasungunula ufa wa m'kabotolo, n'kukoka madzi oyera ngati mkaka, okhuthala moti nthawi zina amatseka singano, n'kumubaya pathako. Jakisoni ameneyu ndi benzathine penicillin, ndipo anabwera mochedwa pa anzake.

Alexander Fleming anatulukira penisilini ku London mu 1928, koma odwala anayamba kulandira mu 1941 ku Oxford, gulu la Howard Florey ndi Ernst Chain litakwanitsa kumuyenga. Vuto linali impso, zomwe zinkamutaya mumkodzo pasanathe maola ambiri. Penisiliniyo anali wochepa kwambiri moti madokotala ankamuyenganso kuchokera mumkodzo wa wodwala kuti amubayenso. Woyambayo ndi benzylpenicillin, amene m'mawodi a kuchipatala cha UTH amangoti X-pen. Mpaka lero amaperekedwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi alionse, kawirikawiri mumtsempha, kwa odwala chibayo chachikulu ndi matenda oumitsa khosi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 akatswiri anaphatikiza penisiliniyu ndi mankhwala otchedwa procaine kuti azisungunuka pang'onopang'ono mumnofu, jakisoni mmodzi n'kukwanira tsiku lathunthu. M'nyengo yomweyo boma la atsamunda linafikitsa penisilini ku Namwala pofuna kuthana ndi chindoko pakati pa Aila.

Benzathine anatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Iyeyu amakhala m'thupi masabata angapo, ngakhale mphamvu yake m'magazi ndi yochepa. N'chifukwa chake sangapulumutse munthu wouma khosi, koma chindoko chongoyamba kumene amachithetsa ndi kubaya kamodzi, mayunitsi 2.4 miliyoni, pomwe chokhalitsa chimafuna katatu, kamodzi pasabata. Mumtsempha saloledwa m'pang'ono pomwe, chifukwa angathe kuimitsa mtima.

Lusaka ili ndi gawo lake m'mbiriyi. Mu 1990 Dr Subhash Hira ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza m'makiliniki a mumzinda uno: kuyeza amayi msanga ndi kuwabaya kunachepetsa kupita padera ndi ana obadwa akufa. Jakisoni yemweyu ndi amene amabayidwa mwezi ndi mwezi ana amene mtima wao unaonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachiritsidwa.

Chomvetsa chisoni n'choti mankhwalawa ndi otsika mtengo, ndiye makampani owapanga ndi ochepa. Pakati pa 2014 ndi 2016 maiko 39 ananena kuti benzathine akuwasowa, chikhalirecho kwa mayi wapakati wodwala chindoko palibe mankhwala ena otsimikizika oteteza mwana m'mimba ngati iyeyu.