Tanthauzo la mawu akuti "achromatic"

Mawu akuti achromatic, ochokera ku Chigiriki, amatanthauza chinthu chopanda mtundu, ndipo akatswiri a zakuthambo amawagwiritsa ntchito ponena za galasi lakutsogolo la telesikopu yopinda kuwala, lomwe lasulidwa kuti lisamwaze mitundu ya kuwalako. Galasi limodzi lokha limapinda kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, motero mitundu iwiriyi siikumana pamalo amodzi, ndipo m'mphepete mwa mwezi mumaoneka mkombero wonga utawaleza womwe umabisa timapiri ndi tizigwa. Pofuna kuchepetsa vutoli, Johannes Hevelius wa ku Danzig anamanga telesikopu yotalika mamita pafupifupi 46, yomwe inkagwedezeka kukangowomba kamphepo.

Njira yabwino inapezeka pophatikiza magalasi awiri, la crown lotumphuka pakati ndi la flint lokhala ndi mtovu, lomwe limabweza kumwazikako. John Dollond wa ku London analandira chikalata cha umwini wa njirayi mu 1758. Komabe dzina lakuti achromatic limalonjeza zoposa zomwe galasilo limachita, pakuti limakumanitsa mitundu iwiri yokha, ndipo magalasiwo akapanda kukhazikidwa molunjikana m'chimango chake, chithunzi chimasokonekerabe ngakhale telesikopuyo ikhale yodula chotani.