Pamene boma linkadalira mtengo wa khofi

Ambiri a ife tinaphunzira kusukulu kuti chizindikiro cha Nyasaland chinali kambuku woima pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Koma kambukuyo asanabwere, pachizindikiro cha dziko lino panali mtengo wa khofi. Inde, khofi. Harry Johnston, yemwe Angerezi anamutuma kudzakhazikitsa boma kuno mu 1891, ankakhulupirira ndithu kuti mtengo umenewu ndiwo udzadyetse boma lakelo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi thumba. Ku London sankafuna kuwononga ndalama pa kadziko kopanda doko aka. M'zaka zoyambirira, mbali yaikulu ya ndalama zoyendetsera boma inkachokera kwa Cecil Rhodes, yemwe kampani yake ya British South Africa Company inkapereka mapaundi 10,000 pachaka. Boma lodyera m'manja mwa kampani, tangoganizani. Choncho funso lomwe linkasowetsa tulo akuluakulu a ku Zomba linali limodzi: kodi dziko lino ligulitsa chiyani kunja kuti lizidzilipirira lokha?

Yankho loyamba linali mzungu wolima. Kuyambira mu 1892 Johnston anapereka ziphaso zotchedwa Certificates of Claim, zovomereza kuti malo omwe azungu ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Ena mwa malowo anagulidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Eugene Sharrer, African Lakes Company ndi banja la A.L. Bruce anapeza malo aakulu kwambiri. Esiteti ya Bruce ku Magomero yokha inali maekala pafupifupi 169,000. Ku Zomba boma linatsegula munda woyeserera mbewu pansi pa Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje mpaka lero. Khofi anakweradi mpaka chaka cha 1900, kenako anagwa. Khofi wa ku Brazil anachuluka pamsika wa dziko lonse, mitengo inatsika, tizilombo ndi chilala zinamalizitsa. Esiteti zambiri zinatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Apa ndi pomwe ine ndimakhalitsa ndikamawerenga mbiriyi, chifukwa malo okha salima. Mzungu anali ndi malo koma analibe manja, ndipo munthu yemwe ali ndi munda wake wa chimanga alibe chifukwa chokalimira mnzake. Boma linapeza njira: msonkho wa nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linakonza msonkhowo mwanzeru zoipa. Wogwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira masheleni 3, wokana ankalipira masheleni 6. Pamapepala panalibe mawu oti kukakamiza. Munthu ankangosankha yekha, eti.

Pa esiteti pomwepo panali thangata. Mawuwa kale ankatanthauza kuthandizana kulima pakati pa abale ndi anansi, koma anasanduka dzina la ntchito yolipirira malo omwe ukukhalapo. Ziphaso za Johnston zinali ndi ndime yoteteza midzi yomwe inalipo kale kuti isasunthidwe, koma ndimeyo sinkakhudza obwera pambuyo. Ndiye Alomwe omwe ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, atafika m'madera a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, anagwera m'manja mwa eni esiteti opanda chowateteza. Si mwangozi kuti mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe analunjika ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Bruce. Kulimbikitsa ulimi kwa boma kuja kunali ndi mtengo wake, ndipo olipira anali odziwika.

Koma tisaname kuti boma silinaganizireko mlimi wakuda. Mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankafuna thonje losachokera ku America, ndipo mu 1902 ku Manchester kunakhazikitsidwa British Cotton Growing Association. Boma linayamba kugawa mbewu ya thonje m'midzi, linatsegula nthambi ya zamalimidwe mu 1909, kenako misika yogulira thonje. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje komwe nthawiyo kunkatchedwa Port Herald, Amang'anja ndi Asena anaigwira ntchitoyo mwamphamvu. Pofika zaka za m'ma 1920 thonje lambiri la dziko lino linkachokera m'minda ya anthu wamba, osati ku esiteti. Fodya naye anachita chimodzimodzi. Imperial Tobacco Company inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908, ndipo m'zaka za m'ma 1920 fodya wochiza ndi utsi anafalikira ku Lilongwe ndi ku Dowa, alimi akulowa ulimiwo mwaunyinji.

Mukanakhala inu boma, mukanatani poona kuti mlimi wa khasu akuposa mzungu yemwe munamupatsa malo? Boma la ku Zomba linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Ntchito yake inali kulemba alimi m'kaundula, kuwaphunzitsa ndi kuyang'anira misika, ndipo ndalama zoyendetsera bungweli zinkadulidwa pa fodya wa alimi omwewo. M'bungwemo munkakhalanso azungu omwe anali ndi minda yawo ya fodya. Mitengo itagwa m'zaka za m'ma 1930, bungwelo linachepetsa misika ndi chiwerengero cha alimi. Kwa ine apa ndi pomwe mtima wa boma lija umaonekera: linkafuna mlimi wakuda alime, koma asalime mpaka kusokoneza mzungu. Mzera wa mabungwe otere sunaduke ayi. Unadutsa ku Farmers Marketing Board n'kudzafika ku ADMARC mu 1971.

Ndiye panali vuto la mayendedwe, lomwe linkadya phindu lonse. Poyamba katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga kuchoka ku Blantyre kutsikira kumtsinje wa Shire, kenako pasitima zapamadzi mpaka ku Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Madzi a Shire atayamba kuchepa, sitimazo zinkatitimira mumchenga. Njanji ya Port Herald mpaka Blantyre inatsegulidwa mu 1908, inafika ku Chindio mu 1915, ndipo ya ku Beira inafika kutsidya lina la Zambezi mu 1922. Pakati pake katundu ankawoloka pabwato mpaka mu 1935, pomwe mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unatha. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Zomveka bwino, koma njanjizi zinali za makampani, boma linalonjeza kubweza chiwongoladzanja cha ngongole zawo, ndipo mitengo yonyamulira katundu inali yokwera kwambiri moti mbewu zotsika mtengo ngati chimanga sizinkapindula kutumiza kunja. Ndalama zomwe zikanamanga sukulu ndi zipatala zinkapita ku ngongole ya njanji yomwe mbali yake yaikulu inali m'dziko la eni.

Za migodi nkhani yake ndi yaifupi. Azungu ankalota golide ngati wa ku Johannesburg, sanamupeze. Katswiri wa miyala wa boma, Frank Dixey, anapeza bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, pa Lichenya m'phiri la Mulanje mu 1924. Mwalawo uli pomwepo mpaka pano. Malasha ankadziwika ku Sumbu m'boma la Chikwawa komanso kufupi ndi Livingstonia, koma kukumba kwenikweni kunadikira mpaka zaka za m'ma 1980. Migodi yomwe Amalawi anakumbadi inali ya eni: Wenela inayamba kulemba anthu kuno mu 1903, ena ankayenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia. Komiti ya boma yomwe inafufuza nkhaniyi mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Mawu oti matchona anamera m'nthawi imeneyo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya zopangapanga. David Livingstone atadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi, kuwomba nsalu, kusungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu. Luso linalipo kale. Boma la atsamunda silinaone chifukwa cholitetezera, poti kwa ilo dziko lino linali munda komanso msika wa katundu wa ku Ulaya. Nsalu ndi makasu ochokera kunja zinadzaza m'masitolo a Mandala ndi a amwenye, ng'anjo zinazima, owomba nsalu anasiya. Mafakitale omwe anabwera anali ongokonza mbewu kuti ikwere sitima: kuchotsa njere m'thonje, kuumitsa tiyi, kusankha ndi kupanikiza fodya. Thonje la ku Chikwawa linkapita ku Lancashire n'kubwerera ngati nsalu yoti mlimi yemweyo agule ndi ndalama yotsala pamsonkho. Fakitale yaikulu yowomba nsalu, David Whitehead and Sons, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, patatha zaka zitatu atsamunda atachoka.