Mawu odulidwa pakati: zomwe zinachitikira mayi Shirley Sherrod

Mawu amene munthu waudindo wayankhula pagulu angathe kubwerezedwa molondola, liwu ndi liwu, koma n'kupereka tanthauzo losemphana ndi la mwiniwake ngati azulidwa m'nkhani imene anachokera. Tanthauzo la mawu otere limadalira zinthu zitatu: zomwe zinanenedwa asanafike pa mawuwo ndi pambuyo pake, nthawi imene nkhaniyo inachitika, komanso udindo umene woyankhulayo anali nawo pa nthawiyo.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha mayi Shirley Sherrod, omwe anali mkulu woona za chitukuko cha kumidzi m'chigawo cha Georgia, pansi pa unduna wa zamalimidwe m'dziko la America.

Zomwe zinafalitsidwa

M'mwezi wa March 2010 mayi Sherrod, omwe ndi munthu wakuda, anayankhula pa mwambo wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda. Pa 19 July chaka chomwecho, Andrew Breitbart anaika pa intaneti kanema wa mphindi zosakwana zitatu, wodulidwa kuchokera pa zoyankhula zomwe zinatenga mphindi zoposa 40. M'kanemayo mayiwa ankamveka akunena kuti mlimi wina wachizungu atabwera kudzapempha thandizo kuti munda wake usalandidwe, iwo sanam'thandize ndi mphamvu zawo zonse.

Tsiku lomwelo akuluakulu a undunawo anawakakamiza kutula pansi udindo, ndipo bungwe la NAACP linawadzudzula. Onsewa anachita izi asanaonere zoyankhulazo kuchokera poyamba mpaka pomaliza.

Zomwe zinasiyidwa

Nkhani ya mlimiyo inachitika m'chaka cha 1986, pomwe mayi Sherrod analandira udindo wawo m'boma mu 2009. Pa nthawiyo ankagwira ntchito ku Federation of Southern Cooperatives, bungwe lomwe si laboma. Komabe kanemayo anaperekedwa ngati umboni wa tsankho pa ntchito ya boma.

Kanemayo anatha asanafike pofotokoza kuti pambuyo pake mayiwa anam'thandiza kwambiri mlimiyo mpaka mundawo unapulumuka. Anasiyanso mbiri ya bambo awo, omwe anaphedwa ndi mlimi wachizungu mu 1965 popanda wina woimbidwa mlandu. Cholinga cha mayi Sherrod chinali kuonetsa momwe anagonjetsera mkwiyo wawo n'kuzindikira kuti vuto lalikulu ndi umphawi, posatengera khungu la munthu. Mawu amene anamveka ngati kunyadira tsankho anali chiyambi chabe cha nkhani yotsutsa tsankholo.

Zotsatira zake

Mlimiyo ndi mkazi wake anauza atolankhani kuti mayi Sherrod ndi amene anawapulumutsira munda. Pa 20 July bungwe la NAACP linatulutsa kanema yense ndi kubweza chidzudzulo chake. Pa 21 July nduna ya zamalimidwe, Tom Vilsack, inapepesa poyera, ndipo tsiku lotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Barack Obama, anawaimbira foni. Boma linawapatsa ntchito ina koma iwo anaikana. Mu 2011 anasumira Breitbart ku khothi pa mlandu woipitsa mbiri, ndipo nkhaniyo inatha mu 2015 mbali ziwirizo zitagwirizana.

Phunziro kwa ogwira ntchito m'boma

Palibe liwu la mayi Sherrod limene linapekedwa m'kanemayo, koma munthu anataya ntchito tsiku limodzi. Choncho mkulu wolandira dandaulo lokhudza mawu a wantchito ayenera kupeza zoyankhula zonse, kutsimikiza tsiku ndi malo, ndi kumva mbali ya woyankhulayo asanagamule. Chimodzimodzinso amene amayankhula m'malo mwa maunduna ndi nthambi za boma ayenera kusunga zolembedwa kapena zojambulidwa zathunthu za zomwe anena, monga momwe nyumba za malamulo zimasungira zokambirana zonse mu Hansard.