Kusamutsa dizilo kuchokera m'thanki yachiwiri ya lole

Malole ena onyamula mbatatesi ndi chimanga kuchokera ku Angónia ndi ku Tsangano kupita ku Tete kapena ku Beira amakhala ndi thanki yachiwiri ya dizilo. Mafutawo amalowa m'thanki yaikulu kudzera m'paipi. Thanki yachiwiriyo ikakhala pamwamba, amatsika okha mukatsegula vavu. Ikakhala m'munsi, amakankhidwa ndi pampu yamagetsi.

Chimene chimapweteketsa madalaivala ambiri ndi kuiwala. Pampu yosazima yokha sidziwa kuti thanki yadzaza. Dizilo amangotayikira pansi, ndalama ya ulendo n'kupita, ndipo moto ungathe kubuka. Pampuyo ikapitiriza kuzungulira thanki yachiwiri itauma, imapsa.

Yambani kusamutsa muvi wa geji ukatsika kufika pa kota, lole itaima pamalo athyathyathya, chifukwa pamtsetse geji imanama. Musachokepo. Zimitsani pampu ndi kutseka vavu thanki isanadzaze mpaka kukamwa, popeza dizilo amafutukuka akatentha, ndipo dzuwa la ku Tete tonse timalidziwa.

Pakati pa mathanki awiriwo pakhale sefa. Madzi ndi zinyalala zimadikha pansi pa thanki imene mafuta amakhalitsamo.